Chipolopolo Chotchipa

Arvo Tuomi anam'peza Lolemba m'mawa, nthawi itangopitirira 9 koloko, ali kwala kuseri kwa kauntala ya shopu yake ya mfuti. Woyamba kumuona anali munthu wobweretsa makalata, yemwe anadabwa kupeza chitseko chili chosatseka, chipale chofewa chikuwazira mkati. Ankamudziwa Arvo kuti sankalola ndi kamphepo komwe kufika pa mfuti zake.

Len Koskey, wofufuza milandu ku polisi ya dera lathu, anafika galimoto ya chipatala itaima kale panja. Anali atagwira ntchitoyi zaka zoposa makumi atatu, ndipo mitembo anali ataiona yambiri, koma pakhomo la shopuyi anayamba waima kaye. Mfuti yake yoyamba anaigula momwemo ali mnyamata. Mkati munkanunkhabe mafuta opukutira mfuti ndi khofi wopserera, monga mwa masiku onse.

Bala linali kumanja kwa mutu, pamwamba pa khutu. Mfuti yapamanja yachikale, ya kamgolo kozungulira, inali pansi pafupi ndi dzanja lake. Kapepala ka mtengo kanali kakulendewerabe pa ulusi: madola 489. Kabati yagalasi imene mfutiyo inkakhalamo inali yotsegula, koma mfuti zina zonse zinalimo, ndalama nazo palibe anazikhudza. Kamera munalibe. Arvo ankati kamera ndi ya anthu amene sadziwa makasitomala awo.

Dokotala Pascoe, mayi woyeza mitembo, anadzuka pamene anagwada n'kuvula magolovesi.

"Mfuti inalira itagunda pakhungu penipeni, Len," anatero. "Ngati ukufuna mawu anga lero, wadzichita yekha. Shopu inali itafa kale iyi, iye wangoitsatira."

Zoti shopu inali itafa zinali zoona, ndipo amene tinaipha ndi ife. Chitsegulireni sitolo yaikulu ija kumsewu waukulu, imene tonse timangoti ku Chishedi, tinatengera khalidwe lochititsa manyazi. Munthu umalowa kwa Arvo, umamwa khofi wake waulere, umagwira mfuti, umaiyesa paphewa, umamufunsa mafunso mpaka kukhosi kwake kuuma. Kenako umati ukaganize kaye, n'kuyatsa galimoto, ulendo ku Chishedi kukagula mfuti yomweyo pamtengo wotsikirako. Tonse tinachitapo zimenezi, ndipo amene angakane ndi wabodza. Arvo ankadziwa, koma khofi sanasiye kuphika.

Mtembo akuutulutsa, panja panaima kagalimoto kofiira. Anatsika Kristi, mwana yekhayo wa Arvo, atavala jekete yobiriwira ya antchito a ku Chishedi. Ankagwira ntchito pakauntala ya mfuti kumeneko, ndipo chiyambire ntchitoyo, iye ndi bambo ake sankayankhulana. Kutchalitchi ankakhala mabenchi osiyana.

"Adzipha, eti?" anafunsa, maso ali pa nsalu imene anafunditsa mtembo. "Bambo Koskey, ndiuzeni. Adzipha chifukwa cha ine?"

"Sindinanene choncho, Kristi."

"Tauni yonse inena choncho. Mwana akugulitsa mfuti zotchipa uko, bambo akufa ndi njala kuno." Anapukuta mphuno ndi dzanja la jekete. "Ineyo ndikufuna kudziwa zoona. Musandinyengerere ngati mwana."

Len anamulonjeza kuti zimene apeze amuuza zonse. Akulonjeza choncho, mtima wake unali usakufuna.

Masana anaoloka msewu n'kulowa mu lesitilanti yoyang'anana ndi shopuyo. Inali sabata yoyamba yosaka agwape, amuna onse ali kutchire, moti munali amayi awiri okha. Kuphulika kwa mfuti m'mawa uja palibe anakulabadira, poti nyengo imeneyi mfuti zimalira paliponse. Koma mayi wophika anakumbukira kuti Loweruka mlenje wina, Duane Bouchard, anatuluka kwa Arvo akukalipa, n'kumenyetsa chitseko.

Duane anam'tenga kumsasa wa alenje n'kubwera naye kupolisi asanasambe, chipewa cha mtundu wa lalanje chili kumutu. M'chipinda chofunsira mafunso munadzaza fungo la utsi ndi mowa wadzana.

"Unakangana naye za chiyani?" anafunsa Len.

"Mtengo, bwana, nanga n'chiyaninso? Mfuti yomweyo, dzina lomwelo, ku Chishedi ndi 429. Ndinamuonetsa pafoni. Ndinati mdala, nditsitsireni pang'ono, ndigula kwa inu lero lomwe. Mukudziwa anandiyankha chiyani?"

"Nena."

"Akuti, 'Madola sikisite owonjezerawo ukulipira maso angawa, Duane. Ine ndimayang'ana munthu ndisanam'patse mfuti.' Ndiye ine ndinati maso anuwo muwaike mufiriji, ana anga sadya maso."

"Unanenanso kuti adzafera mushopumo."

Duane anavula chipewa n'kuyamba kuchipinda m'manja. "Ndinanena, inde. Pakamwa panga mumapadziwa, a Len. Koma lero m'mawa ine ndinali m'manja mwa mkulu woyang'anira nyama zakutchire, akundilembera chindapusa chifukwa chothira chimanga chonyengerera agwape. Anandigwira kusanache bwino, wandisiya dzuwa lili pamutu. Muimbireni galu ameneyo, akuuzani yekha."

Len anaimba foni, ndipo zinali zoona. Duane anatuluka akupukuta m'maso, akung'ung'udza kuti mdala uja anali wouma mutu koma mfuti ankaidziwa.

Lachiwiri mfuti inabwera kuchokera koyeza zidindo za zala. Panali za Arvo zokha, zofufutikafufutika. M'kaenvulopu kena anaikamo chigoba cha chipolopolo chimene anachipeza m'kamgolo. Chinali chimodzi chokha, mabowo enawo anali opanda kanthu. Len anachikhuthulira pachikhatho. Chigobacho sichinali chamkuwa. Chinali chachitsulo, chotuwa ngati phulusa.

Anabwerera kushopu kuja masana omwewo. Anapeza Kristi atakhala pa kampando ka bambo ake, nyali osayatsa, jekete yobiriwira ija ataivula. Pansi anali atakolopa, koma pamatabwa panatsala banga lakuda, ndipo mapazi ake anawaika kutali nalo. Mitu ya agwape yokhomedwa kukhoma inkangoyang'ana. Munali zii, moti Len ankangoona ngati Arvo atulukira kuchipinda chakumbuyo akupukuta manja, n'kufunsa ngati abwera kudzagula kapena kudzangogwiragwira.

Anayenda m'mbali mwa mashelefu akutsegula mabokosi a zipolopolo limodzilimodzi. Zonse zinali zamkuwa, zonyezimira. Analowanso kumbuyo, kumene Arvo ankadzazira yekha zipolopolo zake, ndipo nakonso kunali mkuwa wokhawokha.

"Mukufuna chiyani?" anafunsa Kristi.

"Dzulo m'mawa unali kuti?"

"Pakauntala, chitsegulireni sitolo. Makamera alipo khumi, kafunseni." Anamuyang'ana mokwiya. "Mwayamba kuganizira ine?"

"Ndimafunsa aliyense." Len anaika kathumba koonekera mkati patebulo. "Ichi ukuchidziwa?"

Kristi anachinyamula n'kuchiyang'ana chakuwindo. "Zathu izi. Za mabokosi akuda. Ndi zotchipa kuposa zonse, kuno kulibe wina amagulitsa koma ife." Anaima kaye. "Mwachitenga kuti?"

"Mumfuti ya bambo ako."

"Ayi. Zosatheka zimenezo. Adadi sakanaika chinthu ichi mumfuti yawo, ngakhale mutawalipira. Ankati zimadya mfuti mkati. Munthu akalowa nazo muno ankam'bweza pakhomo."

"Nanenso ndikuona choncho," anatero Len. "Munthu ali ndi khoma lonse la zipolopolo zabwino kumsana kwake. Angayende ulendo wonsewo kupita kusitolo imene sanapondemo chiimangire, kukagula chimene ankanyansidwa nacho, kuti adziphere? Chipolopolo ichi chinalowa muno m'thumba la munthu wina. Anapempha kuona mfuti monga timachitira tonse, bambo ako anam'patsa ili yopanda kanthu, iye n'kuikamo chake."

Kristi anagwira pakamwa. Kwa kanthawi nkhope yake inamasuka, ngati munthu amene wamutula katundu pamutu. Len zinamumvetsa chisoni kuona mwana akupeza mpumulo pomva kuti bambo ake anachita kuphedwa.

"Tsopano ganiza bwino," anatero. "Sabata ino aliyense akugula zipolopolo za mfuti zazitali, za agwape. Ndani wagula za mfuti yapamanja ngati iyi?"

Mpumulo uja unachoka pang'onopang'ono. Kristi anakhalanso pansi.

"A Rautio," anatero chapansipansi. "A Eino Rautio. Lachisanu."

Len ankamudziwa Eino. Anali mkulu wopuma pantchito ya kumgodi, woimba besi mukwaya, mnzake wa Arvo kuyambira kusukulu. Mwana wake Trevor anadziwombera zaka ziwiri zapitazo mugalimoto yake, kumalo otsitsira maboti. Mlandu umenewo anaugwira ndi Len yemweyo, ndipo nkhope ya mnyamatayo inali isanam'choke m'maso.

"Ndinadabwa," anapitiriza Kristi, "chifukwa Trevor atamwalira a Rautio anagawa mfuti zawo zonse. Anaima nthawi yaitali, bokosi ili dzanja ili, linalo dzanja linalo. Kenako anandifunsa kuti zotchipa ndi ziti. Ndinawalozera ndine, bambo Koskey. Ndinawauza kuti zakudazi apulumutsa madola anayi."

"Sukanadziwa."

"Ndi kachiwiri aka!" Mawu ake anamveka mushopu monse. "Mfuti imene Trevor anadziphera inatuluka m'manja mwanga. Inuyo mukudziwa kuti inali ya ku Chishedi."

"Ndikudziwa. Sindinkadziwa kuti unali pakauntala ndiwe."

"Trevor anayamba wabwera kuno. Adadi anam'yang'ana n'kum'kaniza, anati apite kunyumba akagone. Atangotuluka, adadi anandiimbira. Chiyambire mkangano wathu anali asanandiimbirepo. Koma kwathu kuja mafoni timasiya m'timakabati tokhoma, pakauntala saloleza. Trevor anafika, ndinafufuza dzina lake pakompyuta, kompyuta inati alibe mlandu, ndinam'kulungira mfuti. Anaseka n'kunena kuti kuno n'kotchipadi. Pa nthawi yopuma m'pamene ndinamva uthenga wawo. Ankati, 'Kristi, ndine bambo ako. Mwana wa Eino akabwera usam'patse kanthu, maso ake sali bwino.' Uthengawo ndikadali nawo. Sitinakambiranepo za nkhaniyi, ine ndi iwo, mpaka lero."

Len anakaona zithunzi za makamera a ku Chishedi, ndipo Eino analimo, mabokosi awiri ali m'manja, akuwerenga mitengo atatsitsa magalasi pamphuno. Koma chimodzi sichinkamveka. Ngati Eino ankafuna kulipsira mwana wake, anasiyiranji amene anagulitsa mfuti, n'kukapha amene anakana?

Lachitatu m'mawa anapita kunyumba kwake. Anapeza Eino atakhala pakhonde, atavala malaya a kutchalitchi, galu atam'pereka kale kwa aneba. Bokosi lakuda linali patebulo la kukhitchini, losowa chipolopolo chimodzi. Sanalibise n'komwe.

M'chipinda chofunsira mafunso Len anayatsa chojambulira mawu, n'kutchula tsiku ndi nthawi. Anamuuza Eino kuti ali ndi ufulu wokhala chete ndiponso woitana loya. Eino anapukusa mutu.

"Loya wa chiyani, Len? Funsa."

"Lolemba m'mawa munali kuti?"

"Ukudziwa kale. Ndinafika atangotsegula. Anandithirira khofi, ndinakana. Ndinati andionetse yachikale ija. Anaitulutsa, anatsegula kamgolo kundionetsa kuti mulibe kanthu, n'kundipatsa chogwirira chili kwa ine. Mwambo wake unali womwewo nthawi zonse. Ine magolovesi sindinavule."

"Zipolopolo munakaguliranji ku Chishedi?"

Eino anachita ngati funsolo ndi lachibwana. "Ndikanagula kwa iye? Komanso kwa Arvo bokosi ndi madola sate." Atanena anachita ngati wadzimva yekha. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikuyerekeza mitengo. Ndi kamodzi kokha ndinati mtengo ulibe ntchito."

"Liti?"

"Trevor anabwera ndi pepala la malonda la ku Chishedi. Anati akufuna mfuti yapamanja, zimbalangondo zikuvuta kumsasa. Ine ndinkaona kuti mwanayo sakudya, sakugona, mkazi atam'thawa. Koma bambo ungam'funse bwanji mwana wamwamuna, wandevu zake, kuti kodi ukufuna kudzipha? Kuno sitifunsana zimenezo. Ndiye ndinati ayi, usapite uko, pita kwa Arvo, zowonjezerazo ndilipira ine. Ndinkadziwa kuti Arvo amayang'ana munthu. Ndinati chimene ndikulephera ine, achita iye. Ndinam'tumiza kwa mnzanga kuti akam'kanize, Len. Madzulo ake iwe unagogoda pakhomo panga."

"Simunabwere kudzafunsa kuti mfutiyo inachokera kuti."

"Ndifunsirenji kupolisi? Ndinafunsa mwini wake. Tsiku la maliro, m'holo ya tchalitchi, anthu akumwa khofi. Ndinati Arvo, unam'gulitsa ndiwe? Anayang'ana uku ndi uku, kenako anati, 'Ndine, Eino. Sindinaone kanthu.' Basi. Zaka ziwiri ndakhala ndikudutsa pashopu paja, ndikumumva akuuza anthu kuti akulipira maso ake. Maso ati? Usiku Trevor amabwera kudzaima kumiyendo kwa bedi langa, pepala la malonda lija lili m'manja. Sanena kanthu. Ndinafuna kuti Arvo naye apezeke momwe anapezekera mwana wanga, anthu anene kuti wadzichita yekha, aone mmene zimawawira."

Len anayang'ana chojambulira chija. Akanatha kuzimitsa pomwepo, mlandu unali utatha. Koma nkhaniyi ikanatulukabe kukhoti, ndipo anaona kuti n'kwabwino Eino aimve kwa munthu womudziwa.

"A Rautio, Arvo sanam'gulitse Trevor mfuti. Anam'kaniza."

"Bodza."

"Anam'yang'ana, anaona zimene munkafuna kuti aone, anamuuza kuti apite kunyumba. Trevor anapita ku Chishedi. Thumba lawo ndinalitola ndine pansi pa mpando wa galimoto yake, bokosi la mfuti lili momwemo."

"Bodza limenelo! Anandiuza yekha, ndi pakamwa pake! Munthu anganamirenji chinthu chotero? Angadzipachikirenji mlandu wa..."

Sanamalize. Len anaona nkhope ya mkuluyo ikusintha pamene ankakumbukira amene amaima pakauntala ya mfuti ku Chishedi, yemwe Lachisanu lomwelo anamulozera bokosi lotchipa. Eino anakumbukiranso kuti m'holo muja, pamene Arvo ankayang'ana uku ndi uku, mtsikanayo anali chapafupi akugawa makapu.

"Mayo ine," anatero Eino. Mawuwo anatuluka ang'onoang'ono. "Len, ndinam'funsanso."

"Liti?"

"Lolemba. Anandiona ndikutulutsa chipolopolo m'thumba. Anandiona ndikuchiika. Sanathawe, sanakuwe, mfuti yake ya pansi pa kauntala sanaigwire. Ndinati Arvo, ndikufunsa komaliza, unam'gulitsa ndiwe mwana wanga? Akanangonena kuti ayi, ine ndikanaika pansi. Mulungu akundimva, ndikanaika pansi." Misozi inatsikira m'makwinya a masaya ake. "Anati, 'Ndinakuuza kale, ndine.' Kenako anatembenuza mutu n'kuyang'ana kuwindo."

Len anatchula nthawi n'kuzimitsa chojambulira. Wapolisi wina anabwera kudzam'tenga Eino.

Kristi anali pabenchi ya m'khonde la polisi chifikire m'mawa. Ataona Len anaimirira.

"Avomera?"

"Avomera. Bambo ako sanadziphe."

Anatseka maso n'kupuma kwambiri. "Ndiye sanafe chifukwa cha ine?"

Pa zaka zonse za ntchito yake, Len anali atanamizapo anamfedwa ambiri mabodza ang'onoang'ono achifundo, kuti malemu sanamve ululu, kuti panalibe chimene akanachita. Bodza lina linali litafika kale pamilomo. Koma mwanayu anali atapempha zoona, ndipo zoonazo zinali zake, zochokera kwa bambo ake.

"Khala pansi, Kristi," anatero, nayenso n'kukhala pambali pake. "Eino anafunsa bambo ako kawiri kuti anagulitsa mfuti kwa Trevor ndani. Koyamba pamaliro. Kachiwiri Lolemba, mfuti ili pamutu pawo. Kawiri konseko anayankha kuti ndi iwo."

Kristi anamuyang'ana nthawi yaitali, osaphethira.

"Koma sankandiyankhula," anatero. "Tikakumana pamsewu ankayang'ana kumbali."

"Ndikudziwa."

"Ine ndinkati amadana nane."

Kristi anawerama mpaka chipumi kugunda mawondo, ndipo kulira kumene kunakanika Lolemba kunatuluka konse, kukumveka mpaka kuchipinda kumene anatsekera Eino. Len anakhala naye pabenchipo mpaka anatonthola, kenako anam'perekeza kukasankha bokosi la maliro.